Kubweza makilomita a pikapu: malamulo akuti chiyani, ndipo wolakwiridwa ndani?

Munthu akafuna kugula pikapu yomwe inagwirapo kale ntchito, maso ake amathamangira pa dashibodi. Penti wosuluka angamukhululukire, mpando wong'ambika angausoketse, koma nambala ya pa odomita, kachipangizo kowerenga mtunda umene galimoto yayenda chitulukireni ku fakitale, ndiyo imamuuza ngati alipire mtengo wonse kapena anenerere. Mapikapu awiri a mtundu umodzi ndi chaka chimodzi, ina itayenda makilomita 120,000 ndipo inzake 310,000, sangagulitsidwe pa mtengo wofanana kulikonse. Kusiyana kwa mitengoko ndi kumene kumakopa anthu kuti aziseweretsa nambalayo.

Pikapu imakopa achinyengo kuposa magalimoto ena ambiri. Ndi galimoto ya ntchito: imasenza katundu, imakoka ngolo, imalowa m'misewu yokumbika, ndipo ambiri mwa mapikapu amayamba moyo wawo m'manja mwa makampani omwe amawayendetsa tsiku ndi tsiku mpaka makilomita ataunjikana. Chikhalirecho ndi yolimba. Toyota Hilux, Ford Ranger, Isuzu D-Max kapena Ford F-150 ikamalandira sevisi pa nthawi yake imatha kudutsa makilomita 300,000 ikuonekabe bwinobwino. Mtengo wake sugwa msanga, thupi lake silionetsa kutopa msanga. Wachinyengo akachotsapo makilomita 150,000 amapha makwacha ochuluka pa ntchito ya mphindi zochepa, ndipo wogula amaona galimoto yosalala, sapeza chomukayikitsa.

Kale odomita inali timagudumu ta manambala toyendetsedwa ndi chingwe chochokera ku giyabokosi. Wobweza ankamasula dashibodi n'kutizungulitsa chammbuyo, ndipo kawirikawiri ankasiya zizindikiro: manambala osakhala pamzere umodzi, timisomali tokandika pamutu. Zitabwera odomita za digito anthu ankati vutoli latha. Silinathe. Nambala tsopano imasungidwa m'kachipangizo ka kompyuta, ndipo amene ali ndi makina ake amaisintha osasiya kanthu kooneka ndi maso. Kwabweranso tizipangizo tobisidwa kuseri kwa dashibodi toletsa odomita kuwerenga mtunda wonse galimoto ikamayenda. Okonda kwambiri tizipangizoti ndi anthu obwereka galimoto pa mgwirizano wokhala ndi malire a makilomita, ndi ena ofuna kuti waranti, lonjezo la kampani lokonza galimoto mwaulere mpaka pa makilomita akutiakuti, isathe msanga.

Dziko la America, kumene mapikapu amagulidwa kwambiri, linakhazikitsa lamulo la dziko lonse pa nkhaniyi mu 1972, mu Motor Vehicle Information and Cost Savings Act, ndipo linalimbitsa lamulolo mu 1986 ndi Truth in Mileage Act. Kumeneko n'kulakwira lamulo kudula, kubweza kapena kusintha odomita n'cholinga choti isonyeze mtunda wina. N'kulakwanso kugulitsa, kutsatsa kapena kuika pa galimoto chipangizo chochititsa zimenezo. Wogulitsa galimoto amayenera kulemba nambala ya pa odomita pa chikalata cha umwini ndi kusainira kuti ndi yoona. Ngati akudziwa kuti nambalayo si yeniyeni, pali malo ochonga onena zimenezo, ndipo palinso malo ena a odomita yakale ya manambala asanu yomwe inafika 99,999 n'kuyambiranso pa ziro. Wopezeka wolakwa akhoza kukhala kundende mpaka zaka 3. Wogula yemwe wanamizidwa akhoza kukasuma yekha, ndipo khoti limatha kumupatsa ndalama zomwe wataya kuchulukitsa katatu kapena madola 10,000, kutengera zomwe zachuluka.

Lamuloli linali ndi mpata umene achinyengo ankaudziwa bwino. Galimoto ikakwanitsa zaka 10, wogulitsa sankakakamizidwanso kulemba makilomita pa chikalata. Koma pikapu ya zaka 10 imakhala idakali ndi msika waukulu. Kuyambira pa 1 January 2021, magalimoto a chaka cha 2011 ndi otsatira ake amayenera kulembedwa makilomita kwa zaka 20. Magalimoto olemera kupitirira mapaundi 16,000 akasenza katundu wake wonse, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 7,250, sali pansi pa lamulo la kulembali, koma mapikapu pafupifupi onse ali pansi pa mlingo umenewo. Bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu la NHTSA limati magalimoto opitirira 450,000 amagulitsidwa chaka chilichonse m'dzikomo ali ndi nambala zabodza, ndipo ogula amataya ndalama zopitirira madola 1 biliyoni pachaka.

Si amalonda ang'onoang'ono okha omwe anagwidwapo. Mu 1987 kampani ya Chrysler inaimbidwa mlandu chifukwa magalimoto ake oposa 60,000 anali atayendetsedwa ndi akuluakulu a pa kampaniyo odomita zitadulidwa, kenako n'kugulitsidwa ngati atsopano. Kampaniyo inati kunali kuyesa magalimoto, koma ena mwa iwo anachita ngozi, anakonzedwa, ndipo ogula sanauzidwe kanthu. Mkulu wa kampaniyo, Lee Iacocca, anapepesa pagulu, ndipo mu 1990 khoti linalamula chindapusa cha madola 7.6 miliyoni. Mtunda umene magalimoto ambiriwo anayenda unali waufupi. Chomwe chinakwiyitsa anthu n'choti wina anasankha kuti wogula asadziwe.

Ku Ulaya mayiko amasiyana. Germany inaika m'malamulo ake a pamsewu mu 2005 kuti kusintha odomita mwachinyengo ndi mlandu pawokha, wa chindapusa kapena ndende mpaka chaka chimodzi. Ku Britain kusintha nambalako pakokha si mlandu. Mlandu umabuka pamene munthu wagulitsa galimotoyo osaulula, pansi pa malamulo a chinyengo monga Fraud Act ya 2006 ndi malamulo oteteza ogula. N'chifukwa chake kumeneko kuli mabizinesi otsatsa poyera kuti amakonza makilomita, n'kumasiya udindo wonse kwa mwini galimoto. Ine sindikhulupirira kuti odomita zowonongeka n'zochuluka mokwanira kudyetsa mabizinesi onsewo. Belgium inatenga njira ina yomwe yathandiza kwambiri: kuyambira 2006, nthawi iliyonse galimoto ikalowa ku galaja kapena kokayezedwa, makilomita ake amatumizidwa ku kaundula mmodzi, ndipo wogulitsa amayenera kupereka kwa wogula chikalata chotchedwa Car-Pass chosonyeza mbiri yonse. Popanda chikalatacho wogula akhoza kuthetsa malondawo. Chinyengo cha magalimoto a m'dzikomo chinatsika kwambiri. Nyumba ya malamulo ya Ulaya itakambirana nkhaniyi mu May 2018, ziwerengero zomwe inagwiritsa ntchito zinati magalimoto 5 mpaka 12 pa 100 alionse ogulitsidwa m'dziko lomwelo amakhala obwezedwa, koma pa odutsa malire chiwerengerocho chimafika 30 mpaka 50 pa 100, ndipo ndalama zotayika ndi mayuro mabiliyoni 5.6 mpaka 9.6 pachaka. Galimoto ikawoloka malire, mbiri yake imatsalira kumbuyo, ndipo achinyengo amagwirira ntchito pampata umenewo.

M'mayiko momwe mulibe lamulo lotchula odomita mwachindunji, malamulo wamba oletsa kupeza ndalama mwachinyengo ndi kunamiza wogula amagwirabe ntchito. Vuto limakhala umboni.

Mbali yovuta ya nkhaniyi ndi yoti si aliyense wokhudza odomita ali wakuba, ndipo eni mapikapu amakumana ndi zimenezi kuposa ena. Gulu la mamita a pa dashibodi limatha kufa: galasi la manambala limazima, singano zimaima. Mwini galimoto amagula lina kwa ophwasula magalimoto angozi, ndipo limabwera ndi makilomita a galimoto ina. Pikapu yoyenda makilomita 260,000 mwadzidzidzi ikuonetsa 95,000. Munthuyu sanafune kuba. Koma kuyambira tsiku limenelo ali ndi chinthu m'manja chomwe chikhoza kusanduka kuba pa tsiku logulitsa, akangokhala chete. Lamulo la ku America likufotokoza momveka zoyenera kuchita: kukonza kapena kusintha odomita n'kololedwa ngati nambala ikhala yomweyo. Ngati sizitheka, odomita iikidwe pa ziro, ndipo pa felemu ya chitseko cha kumanzere pamatidwe chidziwitso chonena makilomita omwe analipo ndi tsiku lomwe ntchitoyo inachitika. Kuchotsa chidziwitsocho n'cholinga chonamiza ndi mlandu. Ngakhale kumene lamulo silitero, nzeru yake ndi yomweyo: jambulani nambala yakale isanachotsedwe, sungani lisiti lolembedwa tsiku ndi nambala zonse ziwiri, ndipo makaniko alembe nambala yeniyeni mu chipangizo chatsopanocho. Kusintha nambala kuti ifanane ndi choonadi ndi kukonza. Makina omwe amagwira ntchito imeneyi ndi omwewo omwe wakuba amagwiritsa ntchito, n'chifukwa chake kuletsa makinawo kwakhala kovuta.

Matayala nawo amasokoneza. Eni mapikapu ambiri amakweza galimoto n'kuika matayala akuluakulu. Odomita siyeza msewu, imawerenga kuzungulira kwa magudumu n'kuchulukitsa ndi kukula kwa tayala lomwe fakitale inaika. Tayala la 265/65R17 kutalika kwake ndi mamilimita pafupifupi 776, pomwe la 285/70R17 ndi pafupifupi 831. Kusiyana kwake ndi 7 pa 100. Pikapu ya matayala aakuluwo ikayenda makilomita 100,000, odomita imaonetsa pafupifupi 93,400, ndipo sipidomita nayo imaonetsa liwiro lochepera pa lenileni. Palibe amene wagwira dashibodi, koma nambala yayamba kunama pang'onopang'ono. Apa kulowa mu kompyuta ya galimoto n'kuiuza kukula kwenikweni kwa matayala ndi chinthu chabwino, chifukwa kukubwezeretsa kuwerenga koona. Yemwe wayenda zaka zambiri osakonza zimenezi ayenera kungomuuza wogula kuti nambalayo yachepa pang'ono ndi chifukwa chake. Zofanana zimachitika munthu akasintha magiya a m'difu, kapena galimoto yowerenga mamayilosi ikasinthidwa kuti iziwerenga makilomita: mayilosi imodzi ndi makilomita 1.609, choncho 100,000 ya mamayilosi iyenera kusanduka pafupifupi 160,900. Kungosintha chilembo n'kusiya nambala momwe inalili ndi kubweza makilomita 60,000 mwakachetechete.

Pali maganizo amodzi omwe ndimawamva kawirikawiri kwa anthu achilungamo ndithu, ndipo ndimatsutsana nawo. Amati: ndaika injini yatsopano, ndiye odomita iyambirenso pa ziro, kapena ionetse makilomita a injini yomwe ndaikayo. Odomita siwerenga moyo wa injini, imawerenga mtunda wa galimoto yonse. Chasisi yomwe yasenza katundu kwa makilomita 400,000 idakali yomweyo. Giyabokosi, difu, masipuling'i, chiwongolero, mapaipi a mabuleki, zonse zinayenda mtunda wonsewo. Injini yatsopano ndi nkhani yabwino kwa wogula, ndipo malo ake ndi pa lisiti ndi pakamwa pa wogulitsa: inaikidwa galimoto ili pa makilomita akutiakuti, nayi pepala lake. Wogula wanzeru amawonjezera ndalama pa zimenezo. Koma kufufuta mtunda wa galimoto yonse chifukwa cha chiwalo chimodzi ndi kumuphimba m'maso.

Ena amanena kuti galimoto ndi yawo, sadzaigulitsa, ndiye nambala ndi nkhani yawo. Magalimoto ambiri amakhalitsa kuposa malonjezo otere. Mwini amadwala, amasowa ndalama, amamwalira, ndipo pikapu imagulitsidwa ndi mwana kapena mkazi wamasiye yemwe amasainira nambala yabodza osadziwa. Palinso a inshuwalansi omwe amalipira potengera mtengo wa galimoto, ndi opereka waranti omwe amakonza potengera makilomita. Nambalayo imakhala ndi anthu ambiri oidalira omwe mwini galimoto sanawaonepo.

Wobweza makilomita amadzilimbitsa mtima kuti galimotoyo ndi yabwino, wogula sadzaona kusiyana. Nthawi zina galimotoyo imakhaladi yabwino. Koma ali ngati wamalonda wopotoza sikelo n'kumati katundu wakeyo ndi wokoma: kukomako sikubweza gawo lomwe laperewera. Ndipo pa galimoto chotayika si ndalama zokha. Ndondomeko yonse ya sevisi imatsatira odomita. Tengani injini za dizilo za Hilux za 1KD ndi 2KD, zomwe lamba wake wa timing, wogwirizanitsa kuyenda kwa mavavu ndi mapisitoni, amayenera kusinthidwa pa makilomita 150,000, ndipo pa dashibodi pali nyali yokumbutsa zimenezo. Munthu wagula pikapu yoonetsa 90,000 pomwe yayenda 200,000 lamba asanasinthidwepo. M'mutu mwake ali ndi makilomita 60,000 oti ayende mosadandaula. Lambayo akaduka galimoto ikuthamanga, mapisitoni amagunda mavavu, injini imazima pomwepo, ndipo kukonza kwake kumatha kudya ndalama zochuluka kuposa zomwe wogulitsa anapindula. Zikachitika potsetsereka, pikapu itasenza katundu kapena ikukoka ngolo, moyo wa anthu umakhala pachiswe. Mabering'i a magudumu, mabolojointi ndi mafuta a m'giyabokosi alinso ndi nthawi yake yomwe munthu amaidziwa poyang'ana nambala yomweyo.

Ndipo tikaona bwino, amene amagula pikapu yakale kawirikawiri ndi munthu yemwe sangakwanitse yatsopano. Ndi mmisiri, mlimi, woyamba kumene bizinesi, yemwe watenga ngongole akuwerengera kuti galimotoyo imugwirira ntchito zaka zingapo isanayambe kudya ndalama. Ndiye amene alibe posungira ndalama za injini ina. Apa ndi pomwe chinyengochi chimandiwawa kwambiri, chifukwa chimadyera masuku pamutu munthu yemwe ali kumapeto kwa mzere.

Wogulitsa wachilungamo nayenso amaluza. Katswiri wa zachuma George Akerlof analemba mu 1970 za msika wa magalimoto akale, n'kusonyeza kuti wogula akalephera kusiyanitsa galimoto yabwino ndi yoipa, amatsitsa mtengo wa onse, ndipo eni magalimoto abwino amayamba kuthawa msikawo. Ntchito imeneyi inali mbali ya zomwe zinamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2001. Pamsika pomwe aliyense akukhulupirira kuti nambala zonse n'zobwezedwa, munthu yemwe pikapu yake yayendadi makilomita 80,000 amalephera kupeza mtengo wake weniweni, ndipo yemwe akuonetsa 280,000 yoona amaoneka ngati wopusa pakati pa anzake. Apa ndi pomwe anthu abwino amayamba kunena kuti aliyense amatero.

Udindo suthera pa munthu wogwira makina. Wogulitsa magalimoto yemwe waona buku la sevisi likunena 240,000 chaka chatha, dashibodi ikunena 130,000 lero, n'kusankha kutaya bukulo, walowa nawo m'chinyengocho ngakhale sanakhudze waya uliwonse. Makaniko yemwe wauzidwa nambala yoti alembe osafunsa umboni wa komwe yachokera sangadzitchinjirize kuti anangotumidwa. Wovutika mtima kwambiri ndi munthu yemwe wazindikira mochedwa kuti pikapu yomwe anagula inabwezedwa. Iye anaberedwa, ndipo njira yachidule yobwezera ndalama zake ndi kugulitsa galimotoyo osanena kanthu. Ndikumvetsa chiyeso chimenecho. Koma malamulo ambiri amaona kudziwa ngati malire: kuyambira tsiku lomwe wadziwa, kukhala chete pogulitsa ndi mlandu wake. Mkangano wake uli ndi amene anamugulitsa, ndipo kumeneko ndi komwe ayenera kupita nawo mwachangu, chifukwa milandu yotere ili ndi nthawi yake. Ku America ndi zaka 2.

Nambala yoona nayonso siuza zonse, ndipo pa pikapu zimenezi n'zofunika kuzidziwa. Galimoto ya pa mgodi kapena pa malo omanga imatha tsiku lonse injini ikulira itaima, makilomita osawonjezeka. Mapikapu ambiri a Ford ndi General Motors amaonetsa maola a injini pa dashibodi, ndipo ena amasiyanitsa maola oyenda ndi oima. Mukagawa makilomita ndi maolawo mumapeza liwiro la pakatikati la moyo wonse wa galimotoyo. Pikapu yoonetsa makilomita 90,000 ndi maola 9,000 yayenda makilomita 10 pa ola: mwina inkangoima injini ikulira, mwina nambala inabwezedwa, ndipo zonse ziwiri n'zifukwa zofunsira mafunso. Kumbali ina, pikapu ya makilomita 250,000 a mumsewu waukulu wa tala ikhoza kukhala yabwino kuposa ya 100,000 a m'matope ndi m'miyala.

Wogula ali ndi zida zingapo. Choyamba ndi mapepala okhala ndi madeti: buku la sevisi, malisiti, timapepala tomwe amakaniko amamata pa chitseko kapena pansi pa boneti tolemba makilomita a sevisi yotsatira. Ku Britain mbiri ya makilomita olembedwa pa mayeso a galimoto a chaka ndi chaka otchedwa MOT imapezeka pa intaneti kwaulere. Ku America kuli Carfax ndi AutoCheck, zomwe zimasunga mbiri ya magalimoto. Ku Japan makilomita amalembedwa pa mayeso a galimoto otchedwa shaken, ndipo nambalazo zimaoneka pa chikalata chotumizira galimoto kunja, pomwe makampani monga JEVIC amayeza odomita galimoto isanakwere sitima. Chachiwiri ndi galimoto yeniyeniyo. Labala wa pa pedulo ya buleki akaperepeseka mpaka chitsulo kuonekera pakona, chiwongolero chikamanyezimira pomwe manja amagwira, siponji ya mpando wa dalaivala ikaphwatalala mbali yotsikira, galimotoyo sinayende makilomita 60,000. Malabala atsopano mbee pa galimoto yakale nawo ndi funso. Chachitatu ndi makaniko wodziyimira payekha wokhala ndi kompyuta yoyezera, chifukwa magalimoto ambiri a masiku ano amasunga makilomita m'malo angapo, monga mu kompyuta ya injini, ya giyabokosi kapena ya mabuleki, ndipo wobweza waulesi amasintha pa dashibodi pokha.

Pomaliza malonda, nambala ilembedwe mu mgwirizano pamodzi ndi mawu oti wogulitsa akutsimikiza kuti ndi yeniyeni, ndipo asainire. Wogulitsa yemwe akukana kusainira nambala yomwe iye mwini akuitsatsa wakuuzani kale zomwe mumafuna kudziwa. Ngati mwagula pikapu yomwe mbiri yake ili ndi mipata, isamaleni ngati yoyenda mtunda wautali kuposa womwe ikuonetsa: sinthani lamba wa timing ngati injini yake ili naye, sinthani mafuta a injini, a giyabokosi, a difu ndi a mabuleki, ndipo lembani tsiku ndi makilomita a ntchito iliyonse kuyambira pamenepo.